Mlongo wa malemu nayenso ndi namfedwa

Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anatisiya mu Julaye chaka cha 2024 ali ndi zaka 43. Kwathu ndi ku Dowa, cha kufupi ndi Mponela, koma tonse awiri ntchito inatikokera ku Mzuzu. Ine ndinayamba kufika kudzaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo iwo ananditsatira patapita zaka zingapo atapeza ntchito yoyendetsa lole pa kampani ina yogulitsa katundu. Ine ndimakhala ku Chibavi, pomwe iwo ankachita lendi ku Chiputula pamodzi ndi alamu ndi ana awo atatu. Amene anakulira pa Chichewa akudziwa udindo wa mlongo wamwamuna, kuti ndiye mwini mbumba, ndiye nkhoswe ya ukwati wako, ndiyenso amalume amene ana ako amawathamangira fizi ikavuta. Kwa ine analinso munthu yekhayo mumzinda muno amene ankadziwa ubwana wanga, amene ndinkatha kuwauza nkhani ya kumudzi osayamba ndafotokoza kuti uje ndi mwana wa yani.

Ndikulemba izi chifukwa cha anthu amene mbale wawo wa bere limodzi wawasiya. Pa maliro anthu amadziwa kupepesa kholo, amadziwanso kupepesa mkazi wamasiye ndi ana, koma mlongo kapena mchimwene wa malemu kawirikawiri amangopatsidwa kope ndi cholembera kuti ayendetse zinthu. Umu ndi mmene zinandichitikira, ndipo chisoni chimene sichinapeze malo pa siwa chinadzandipeza pambuyo pake ndili ndekha, mpaka chikhristu chimene ndinakula nacho chinatsala pang'ono kundipulumuka m'manja.

Zaka ziwiri asanamwalire, achimwene anauzidwa kuchipatala kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo anapatsidwa mankhwala a BP. Anamwa kwa miyezi yowerengeka, mutu utasiya kuwawa iwonso anasiya, poganiza kuti achira. Palibe aliyense wa ife amene ankadziwa kuti matenda amenewa amatha kumudya munthu popanda chizindikiro chilichonse, komanso kuti mankhwala ake sasiyidwa chifukwa choti thupi likumva bwino, pokhapokha adokotala atanena. Mmawa wina kukuzizira kwambiri, monga kumachitira kuno mu Julaye, alamu anandiimbira foni kuti bambo a ana agwa pobwera kosamba. Nditafika ndinawapeza atawagoneka pa mphasa, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja litalefuka, mawu akutuluka osamveka bwino. Anansi anali atadzaza m'nyumba, ena akupemphera, ena akuwasisita ndi madzi otentha, ndipo dzuwa linakwera tisanapeze galimoto.

Kupemphera kuja sindikunyoza, pakuti nanenso ndinagwada pomwepo. Koma dziwani kuti pakamwa kapena nkhope ikapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukalefuka, ndipo munthu akayamba kulankhula zosamveka, imeneyo ndi sitiroko, ndipo nthawi iliyonse imene mwachedwa ubongo umapitirira kuwonongeka. Wina athamangire galimoto pomwe ena akupemphera, ndipo mapemphero otsalawo mukamalizire m'njira. Musamumwetse madzi kapena phala munthu wotere, chifukwa kumeza kumakhala kutasokonekera ndipo atha kutsamwa.

Kuchipatala anatiuza kuti mtsempha wa mu ubongo waphulika. Masiku amene anagonekedwa, ine ndi alamu tinkasinthana kudikirira, tikugona pansi titafunda zitenje ndi bulangete limodzi. Ndinapemphera m'masiku amenewo kuposa mmene ndinapempherera moyo wanga wonse. Ndinasala kudya, ndinalonjeza Mulungu zinthu zambirimbiri, ndipo ndinali wotsimikiza mumtima kuti munthu amene ankaimba kwaya kuyambira ali mnyamata sangafe choncho n'kusiya ana ali pa sukulu. Anamwalira m'bandakucha, ine nditatuluka kukatunga madzi.

Misozi isanatsike n'komwe, foni inali itayamba kulira. Amalume athu kumudzi anati, “Inu ndinu ophunzira, ndiponso muli komweko, mutsogolere zonse.” Alamu anali atakomoka ndi chisoni, ang'ono athu awiri anali ku Dowa, choncho zonse zinagwera ine: kusaina zikalata, kuperekeza thupi ku nyumba yachisoni, kulipira kuti alikonze, kufuna bokosi, kudziwitsa mpingo ndi mfumu ya m'dera, ndi kupeza njira yowauzira amayi athu, amene nawonso amadwala BP. Tinatuma mkulu wa mpingo wa kumudzi kuti apite ndi amayi awiri achikulire akawauze pamaso, ndipo mpaka lero ndimathokoza kuti uthengawo sunawafikire pa foni kapena kudzera pa WhatsApp ya zidzukulu.

Za ndalama ndinena mosabisa, chifukwa anthu ambiri amachita nazo manyazi. Bokosi tinagula la K280,000. A kuntchito kwa malemu anapereka lole yonyamula thupi, koma minibasi yonyamula abale, a kwaya ndi anansi tinachita hayala pa K450,000. Kuwonjezera kukonza thupi, chimanga, ndiwo, shuga ndi nkhuni za malo awiri, ku Chiputula kumene tinachezera usiku umodzi ndi kumudzi kumene tinakaika, zonse pamodzi zinapitirira K1,300,000, pomwe chipepeso sichinafike ndi theka lomwe. Zotsalazo ndinakongola ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo ngongoleyo inandidya mpaka chaka chotsatira. Ndinadzamva maliro atatha kuti kuntchito kwawo kunali thandizo la bokosi, limene tikanalandira tikanafunsa tisanagule. Choncho musanatulutse ndalama iliyonse, funsani kaye kwa abwana a malemu, ku mpingo ndi ku magulu amene ankasonkhako kuti thandizo lawo ndi lotani. Chipepeso chilembedwe m'kope limodzi ndi munthu mmodzi wokhulupirika amene si wa m'banjamo, ndipo za pa Airtel Money kapena Mpamba zipite pa nambala imodzi yokha, chifukwa mikangano yambiri ya pambuyo pa maliro imayambira pa funso loti ndalama ya auje inalowera kuti. Bokosi lotsika mtengo silinyozetsa malemu, ngakhale kuti pa tsikulo mtima umakuuza zina.

Usiku wa ku Chiputula amayi a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo kuno kumpoto, anabwera ambiri, ndipo anaimba mpaka kucha. Ankaimba m'Chitumbuka, koma atazindikira kuti anamfedwa ndi a m'chigawo chapakati, anayamba kusakaniza ndi nyimbo za Chichewa zimene tinkaimba kwathu tili ana. Ine nyimbozo ndinkangozimvera patali, ndili kuseri kwa nyumba kuwerenga matumba a ufa ndi kukambirana ndi dalaivala za mafuta. Kutacha tinanyamuka pa msewu wa M1, ulendo wa makilomita pafupifupi 300. Mu Chikangawa munali nkhungu yoti galimoto yakutsogolo sinkaoneka, ndipo anthu m'minibasi anayamba kukamba za ndege imene inagwa m'nkhalango yomweyo pa 10 Juni, mwezi umodzi m'mbuyomo, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Dziko lonse linali lidakali pa chisoni chimenecho, ndipo ine ndinkayang'ana lole imene inanyamula achimwene ikulowa ndi kutuluka m'nkhungumo, mumtima muli gwa, ngati kuti tikuperekeza mlendo.

Kumudzi mawu amene ndinawamva kwambiri anali akuti “limbani mtima.” Aliyense wondigwira dzanja ankati ndilimbe mtima chifukwa cha amayi, ndilimbe mtima chifukwa cha ana a malemu, ndilimbe mtima chifukwa abale onse akuyang'ana ine. Mlaliki anawerenga 1 Atesalonika 4:13 n'kutsindika kuti Mkhristu salira ngati anthu opanda chiyembekezo, ndipo ine ndinamva ngati akunena kuti kulira ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Ndinawerenga mbiri ya malemu mawu osanjenjemera, ndinaika nkhata, ndinathokoza mafumu ndi adzukulu, ndipo anthu anandiyamikira kuti ndine mayi wolimba. Pamene tinkabwerera ku Mzuzu, ndinali ndisanalire kulira kwenikweni ngakhale kamodzi.

Masabata oyamba anthu ankabwerabe kudzapepesa, makamaka ku nyumba ya alamu, ndipo kunali koyenera kutero. Pofika mu Seputembala, sukulu zitatsegulidwa, aliyense anali atabwerera ku zake, ndipo mpamene zanga zinayamba. Chisoni chinali ngati moto wa pa utuchi, umene pamwamba suoneka koma pansi ukunyeka. Tulo tinatha. Ndinkadzidzimuka nthawi yomwe ija ya m'bandakucha n'kuyamba kubwereza m'maganizo mmawa umene anagwa, ndikudzifunsa kuti zikanatha bwanji galimoto ikanapezeka msanga, kapena ndikanawakakamiza kumwa mankhwala, kapena ndikanapanda kutuluka kukatunga madzi. Lole iliyonse yofanana ndi yawo ikadutsa pa Katoto, mtima unkagunda ngati ndiwaona pa chiwongolero. Nambala yawo sindinaifufute, ndipo tsiku lina mwana wanga atadwala ndinapezeka ndaiimba ndisanakumbukire. M'kalasi ndinayamba kukalipira ana pa zinthu zosayenera kukalipira.

Chimene chinandiopsa koposa chinali chakuti kupemphera kunakanika. Ndikagwada, mawu okhawo amene ankabwera anali odandaula, ndipo popeza ndinaleredwa kuti Mulungu safunsidwa mafunso, ndinkangodzuka osanena kanthu. Ku tchalitchi ndinayamba kufika mochedwa, kukhala kumbuyo, ndi kutuluka mdalitso usanaperekedwe, kenako ndinasiyiratu. Mawu ena amene Akhristu anzanga ankandiuza ndi mtima wabwino ankandibaya. Wina anati Mulungu anawakonda kwambiri achimwene n'chifukwa chake anawatenga, ndipo ine mumtima ndinkafunsa ngati ana atatu aja Mulungu sanawakonde. Wina anati zonse zimachitika ndi cholinga. Wina, amene sindidzamuiwala, anati, “Inu bola, mwamuna wanu alipo, ganizirani alamu anu.” Anali kunena zoona ndithu, koma chisoni sichipikisanitsidwa, ndipo munthu amene wauzidwa kuti chisoni chake n'chaching'ono sasiya kumva kuwawa, amangosiya kulankhula.

Amene anandithandiza anali mayi wina wachikulire wa Umanyano, wa ku Rumphi, amene poyamba sindinkacheza naye kwenikweni. Ataona kuti sindikuoneka ku tchalitchi, anabwera kunyumba Loweruka lina masana. Anandipeza ndikusankha nyemba pakhonde, ndipo anangotenga lichero lina n'kuyamba kusankha nane, osafunsa chifukwa chimene ndinasiyira mapemphero. Anabweranso Loweruka lotsatira, n'kuchita chimodzimodzi. Ulendo wina, tili chete choncho, anandifunsa m'Chichewa chake chosakanikira ndi Chitumbuka kuti, “Mwana wanga, pa maliro paja ndinakuonani mukuthamangathamanga. Kodi inuyo mlongo wanu munamulira liti?” Palibe munthu amene anali atandifunsapo funso limenelo. Ndinalira pakhonde pomwepo mpaka anansi anasuzumira pa mpanda, ndipo mayiyo sanandiletse, sananene kuti basi kwakwana, anangosuntha lichero kuti nyemba zisatayike n'kundigwira phewa.

Pambuyo pake anandiuza kuti iyenso anataya mchemwali wake zaka zambiri zapitazo, ndipo anandipempha kuti tiwerengere limodzi Yohane chaputala 11. Nkhani ya Lazaro ndinkaidziwa kuyambira ku Sande sukulu, koma nthawi zonse ndinkathamangira kumapeto kwake, kumene wakufa akutuluka m'manda. Tsiku limenelo tinawerenga pang'onopang'ono, ndipo ndinaona koyamba kuti anamfedwa a m'nkhaniyi ndi Marita ndi Mariya, akazi awiri amene mlongo wawo wamwalira. M'nkhaniyi simutchulidwa kholo, mkazi wamasiye kapena ana. Anthu amene Yesu anayenda ulendo kukawatonthoza anali alongo a malemu, anthu a udindo ngati wanga.

Ndinaonanso kuti alongowo anatumiza uthenga Lazaro akadali moyo, koma Yesu anakhalabe masiku awiri kumene anali, ndipo pofika ku Betaniya anapeza maliro ataikidwa kale masiku anayi. Marita pokumana naye sanayambe ndi mawu aulemu obisa kuwawa. Anati, “Ambuye, mukadakhala kuno mlongo wanga sakadafa.” Mariya atafika ananenanso mawu omwewo, pa ndime 32. Amenewa anali mawu enieni amene ndinakhala ndikuwameza miyezi yonse ija poopa kuchimwa, ndipo apa anali olembedwa m'Baibulo kawiri, akunenedwa pamaso pa Yesu mwini wake. Iye sanawadzudzule, sanawauze kuti alimbe mtima, ndipo sanawafotokozere kuti mlongo wawo anakondedwa kwambiri n'chifukwa chake wafa. Anafunsa kumene anamuika, ndipo ndime 35 imangoti, “Yesu analira.” Analira akudziwa bwino lomwe kuti posachedwa amuukitsa. Ngati amene anali ndi mphamvu yotsegula manda anaona kuti imfa ya bwenzi lake ndi yoyenera misozi, ndiye kuti misozi yanga sinali umboni woti ndataya chikhulupiriro.

Titabwerera ku ndime ya kwa Atesalonika ija, ndinapeza kuti Paulo saletsa kulira. Chimene akunena n'chakuti kulira kwathu kusafanane ndi kwa anthu amene alibe chiyembekezo, kutanthauza kuti kulirako kulipo ndithu. Ndikuganiza kuti alaliki athu, pofuna kutonthoza khamu la anthu pa nthawi yochepa, amadumpha msanga kuchoka pa imfa kufika pa kuuka, ndipo womvera amene mtima wake udakali pa Lachisanu la mtanda amatsala yekha m'mbuyo. Mayi uja anandionetsanso Masalmo amene sawerengedwa kawirikawiri pa guwa. Salmo 13 limayamba ndi kufunsa Yehova mobwerezabwereza kuti kufikira liti, ndipo Salmo 88 limayamba ndi kudandaula n'kuthera mu mdima, popanda mawu achigonjetso kumapeto. Ndinayamba kupemphera pogwiritsa ntchito Masalmo amenewa, chifukwa mawu angaanga ndinalibe. Ndinkawerenga mokweza usiku tulo tikasowa, nthawi zina mokwiya, ndipo pang'onopang'ono ndinazindikira kuti munthu amene akudandaulira Mulungu ndiye kuti akulankhulabe naye.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinakhala bwino. Nkhani ya Lazaro yomweyo inandivutanso mbali ina, pakuti Marita ndi Mariya anabwezeredwa mlongo wawo, pomwe wanga ali m'manda ku Dowa. Nditawauza abusa athu zimenezi, sanayese kundipatsa yankho lachidule. Anati Lazaro naye anadzamwaliranso, ndipo alongo ake kapena abale ena anadzaliranso kachiwiri, choncho chimene Yesu anamupatsa Marita chokhalitsa si zaka zowonjezera zija ayi, koma mawu a pa ndime 25, akuti Iye ndiye kuuka ndi moyo. Funso loti n'chifukwa chiyani achimwene anafa pa msinkhu umenewo silinayankhidwe, ndipo ndasiya kuyembekezera kuti liyankhidwa kuno. Koma nditabwerera ku tchalitchi, pa nthawi yonena Chikhulupiriro cha Atumwi, mawu akuti kuuka kwa thupi, amene ndakhala ndikuwatchula mwachizolowezi kuyambira m'kalasi ya ubatizo, ndinawanena ndikuganiza za thupi lenileni limene ndinaliperekeza ku nyumba yachisoni, la munthu wa chipsera pachipumi chimene anachipeza titagwa pa njinga tili ana.

Abusa omwewo ndi amene anandilangiza kuti ndikaonane ndi alangizi a za maganizo ku St John of God konkuno ku Mzuzu, chifukwa vuto la tulo ndi kudziimba mlandu silinkatha. Ndinazengereza, poganiza kuti kumeneko n'kwa anthu odwala misala okha, komanso kuti kupitako kuli ngati kuvomereza kuti pemphero lalephera. Maganizo onse awiriwa anali olakwika. Mlangizi anandithandiza kuona kuti mmawa uja ndinachita zimene ndinkadziwa pa nthawiyo, ndipo anandiphunzitsa njira zothandiza kugona ndi zoyankhulira ndi ana anga, amene nawonso anali atataya amalume awo koma palibe amene anawafunsapo kanthu. Ngati papita miyezi ndipo simukugona, simukudya, ntchito ikukukanikani, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, musadikire kuti zithe zokha. Uzani munthu, pitani kuchipatala kapena kwa alangizi, ndipo kupempherako kupitirire.

Pamene ine ndinkalimbana ndi za mumtima, kumudzi kunabuka nkhani ina. Kuyambira pa siwa anthu ena ankanong'onezana kuti munthu wamphamvu ngati uja sangangogwa chigwere, ndiye kuti anamumenya hamala. Pofika kumapeto kwa chaka, amalume athu ena anali atayamba kunena poyera kuti tikaombeze, ndipo chala chinkaloza kwa alamu, chifukwa choti ndi a mtundu wina komanso panali puloti imene banjali linagula ku Luwinga. Munthu wachisoni amafunitsitsa wina woti amuloze chala, chifukwa mkwiyo ndi wopepukirapo kunyamula kusiyana ndi chisoni, ndipo n'chifukwa chake nkhani zoterezi zimagwira msanga m'banja la anamfedwa, ngakhale la anthu opemphera. Ine chimene chinandigwira chinali buku la kuchipatala la malemu, mmene munalembedwa manambala a BP yawo ndi tsiku limene anasiya kukatenga mankhwala, komanso kukumbukira mayi amene ndinagona naye pansi m'chipatala akupukuta mwamuna wake usiku wonse.

Tinapempha abusa ndi akulu a mpingo wa kumudzi kuti akhale nafe pa zokambirana za banja, pamodzi ndi mfumu. Ndinatenga bukulo n'kuwerengera onse. Zinathandizanso kuti mmodzi wa akulu a mpingowo ankadziwa malamulo, ndipo anakumbutsa anthu kuti lamulo la za ufiti la chaka cha 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komanso kuti lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Amayi athu, amene anakhala chete nthawi yonseyo, anangoti mwana wawo anamwalira ndi matenda amene iwonso ali nawo, ndipo safuna kumva dzina la mpongozi wawo likutchulidwanso pa nkhani imeneyi. Puloti inatsala m'manja mwa alamu ndi ana.

Za zikalata nazo zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene tinkaganizira. Popanda chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, ku banki ndi ku penshoni sangakuthandizeni, choncho yambani kuchilondola maliro akangotha, ndipo pepala lililonse limene achipatala akupatsani lisungidwe bwino ndi kujambulitsa makope angapo. Ife chimene chinatichedwetsa chinali chakuti dzina la pa chiphaso cha unzika cha malemu linkasiyana kalembedwe ndi la pa mafayilo a kuntchito, ndipo tinachita kufuna makalata otsimikizira kuti ndi munthu mmodzi. Tinapezanso kuti pa fomu ya penshoni yosonyeza odzalandira ndalama, achimwene analembapo amayi, alamu ndi mwana woyamba yekha, chifukwa anaidzaza ana enawo asanabadwe ndipo sanaikonzenso. Ndalama zinatuluka patapita miyezi yambiri, ndipo m'nyengo yonseyo lendi ndi fizi zinkachokera m'matumba mwa abale ndi m'thumba la zachifundo la mpingo. Amene muli pa ntchito, kaoneni fomu yanu sabata ino, ndipo muonetsetse kuti dzina lanu lalembedwa mofanana paliponse.

Khirisimasi yoyamba ndinakakhala ndi amayi kumudzi. Usiku wina tili awiri m'khitchini, anayamba kukamba za achimwene ali mwana, mmene ankabera nzimbe m'dimba la agogo ndi mmene anathawira sukulu kutsatira lole ya fodya mpaka ku Kanengo. Tinaseka, kenako tinalira, kenako tinasekanso. Ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ine ndinkabisa misozi poteteza amayi, pomwe iwonso ankabisa yawo poteteza ine, ndipo aliyense ankalira payekha. Amayi, amene sukulu sanapite nayo patali koma Baibulo amalidziwa kuposa ine, ananditchulira mawu a Davide mwana wake atamwalira, pa 2 Samueli 12:23, akuti iye adzapita kumene kuli mwanayo koma mwanayo sadzabwerera kwa iye. Anawanena mosadandaula, ngati munthu amene akufotokoza za ulendo umene akudziwa kuti ulipo. Kuyambira pamenepo dzina la achimwene timalitchula momasuka pakhomo, ndipo ana awo akabwera ku Chibavi ndimawauza nkhani za bambo awo zimene ndi ine ndekha ndingazidziwe.

Chaka chitakwana, abale ena anayamba kufunsa za chiliza, ena mpaka kunena kuti tikuchititsa manyazi malemu. Tinakhala pansi ndi alamu ndi ang'ono anga n'kuwerengera mtengo wa simenti, mwala wolembapo dzina, mayendedwe ndi chakudya cha anthu, ndipo tinaona kuti ndalama imeneyo ndi yokwana fizi ya mwana woyamba mpaka kulemba mayeso a Fomu 4. Tinagwirizana kuti chiliza chidikire, ndipo amayi anavomereza. Mng'ono wathu wamwamuna, amene tsopano ndiye nkhoswe ya mbumba yonse ngakhale ali wamng'ono kwa ine, atakayezetsa anapezeka kuti nayenso BP yake ndi yokwera, ndipo anayamba kumwa mankhwala. Ngongole ya ku banki m'khonde ndinamaliza kubweza. Amalume aja amene ankafuna zokaombeza sanafikebe pakhomo pa alamu, ndipo tikakumana pa maliro ena kumudzi timangopatsana moni wa pakamwa. Abusa a kumeneko akuyesabe kutikhazika pansi.